Dona Wometedwa Mbali Imodzi

Nditangoyatsa mashini ometera, mbirayo inalira "tswiii!" n'kundipulumuka m'manja ngati sopo. Inagwetsa botolo la spiriti, inadumpha pathebulo, n'kukalowa kunsi kwa mpando wometera kumene ngakhale tsache silifika.

"Zaka makumi atatu mukumeta anthu," anatero achemwali anga ali pabenchi, akuseka chogwira nthiti, "lero mwagonja kwa khoswe wovala wigi!"

"Si khoswe ameneyu. Ndi Dona."

"Pepanitu Adona."

Ine ndine wometa, ndipo si kudzitama ayi, kafunseni aliyense mumsewu wathu. Ndameta ana olira, zidakwa zosinza, ndi azibambo a dazi ofuna kuti titsitsi titatu tioneke ngati khumi. Njira yanga ndi imodzi: dzanja lamanzere pamutu, gwa! Mutu ndimautembenuza ine, mwini wake ntchito yake ndi kupuma basi. Amene anandiphunzitsa ntchitoyi ankati mutu ukakhala pampando wako, ndi wako.

Koma Dona sanali wanga. Anali wa mwana wanga wamkazi, mmodzi yekhayo, amene ndinamulera ndekha amayi ake atamwalira. Inali mbira ya ubweya wautali wokhwekhwereza pansi, yoti ikangokhala phee sungadziwe kumene kuli mutu. Lamlungu lililonse mwanayo ankadzitsekera nayo m'chipinda chake, kuipesa ndi kuidula nsonga. Sindinalowemo n'kamodzi komwe kukaona mmene ankachitira. Ndinkati ndi masewera a ana.

Atapeza ntchito ya unamwino kutali, ulendo wa masiku awiri pabasi, ndinakana. Iye anati apitabe. Ndiye pakamwa pangapa, pamene pamathamanga kuposa mashini anga, panatuluka mawu akuti, "Ukatuluka pakhomo pano, usadzandiimbire foni." Mwana wanga ndi womvera chibadwire. Miyezi isanu ndi itatu inatha, foni yanga ili zii.

Ndinamusowa, abale. Ndinkamusowa m'mawa ndikatenga makapu awiri n'kubweza imodzi. Ndinkamusowa ndikamasesa tsitsi madzulo popanda wondiuza kuti ndasiya pakona. Dona nayenso akamva chitseko chikutseguka ankathamangira kuwaya wa khola lake akuimba likhweru, koma akaona kuti ndi ine ankabwerera m'kabokosi kake. Tonse tinkadikira munthu mmodzi, kungoti mnzangayo sankachita manyazi kulira mokweza.

Chakudya ndinkamupatsa, khola ndinkasesa, koma ubweya sindinaukhudze. Unakula, unapotana, kumbuyo unaumbika zibuma zonunkha mkodzo. Dokotala wa ziweto atamutembenuza anapukusa mutu. "Mukachedwa, pansi pa zibumazi patuluka zilonda, ntchentche zidzaikirapo mazira. Inu si wometa kodi? Kamumeteni." Ndi mmene zinakhalira kuti Lamlungu lija masana nditseke shopu, imene ili kumaso kwa nyumba yathu, n'kuitana achemwali kuti adzandigwirire.

Tinamunyengerera ndi karoti mpaka anatuluka kunsi kwa mpando. Mashini ndinawaika patali, ndinatenga sizasi. Kenaka dzanja langa linachita zimene linazolowera: pamutu, gwa! Dona anapalasa, anadzipinda, anandiluma chala chachikulu. Ndinamupanikiza kwambiri. Anagwedezeka pamene sizasi inkatseka, ndipo pa ubweya woyera wa pantchafu panaoneka kadontho kofiira.

Kanali kabala kakang'ono, koti pa munthu ndikanangopaka spiriti n'kunena kuti pepani. Koma ndinasiya kudula. Pansi pa chikhatho changa kamtima kake kankagunda mothamanga zedi.

Achemwali anasiya kuseka. "Achimwene, mupha chiweto cha mwana. Akadzabwera mudzamuonetsa chiyani?"

"Adzabwera?"

"Mukundifunsa ine? Mufunseni mwini wake." Anatola foni yanga pashelefu n'kuiika pafupi ndi chipeso. "Munamuletsa kukuimbirani. Inuyo anakuletsani ndani kumuimbira? Nambala ndi yomwe ija. Ine ndimalankhula naye Lachitatu lililonse."

Mawu omalizawo anandilasa kuposa mano a Dona. Ndinatsamiritsa foniyo pakalilole, ndinadina poimba moonana, n'kuyamba kupemphera kuti asayankhe, komanso kuti ayankhe.

Anayankha. Anali atavala yunifolomu, atakhala pa masitepe ena ake, kapu ili m'manja. Nkhope inali itaonda pang'ono. Tsitsi anali atadula lalifupi, ndipo amene anamudulayo anakhotetsa mzere wa pamwamba pa khutu. Zinandiwawa kuti mutu wa mwana wanga ukugwiridwa ndi anthu osadziwa ntchito.

"Ababa? Kwagwanji?"

Miyezi yonseyo ndinali nditakonza mawu abwinoabwino. Amene anatuluka ndi akuti, "Mbira yakoyi ikuvuta."

"Dona?"

Atangomva dzina lake m'mawu amenewo, Dona anadzutsa mutu, n'kuyamba likhweru lija, lalitali, losalekeza, akufunafuna uku ndi uku. Mwana wanga anaphimba pakamwa ndi dzanja. Patapita kanthawi anapukuta m'maso n'kufunsa, "Mwamugwira bwanji?"

"Pamutu, monga mwa nthawi zonse."

"Ayi, ababa! Mukamugwira mutu amayesa wagwidwa ndi kabawi. Azakhali alipo? Azakhali, m'kabati mwanga muli juzi yobiriwira, yong'ambika pachigongono."

Achemwali anabwera nayo. Inali ikununkhirabe mafuta amene mwanayo ankadzola. Ndinaiyala pamiyendo panga monga anandiuzira, mkono wa juziyo uli chotsegula.

"Tsopano musiyeni alowetse mutu mumkonomo yekha. Dzanja lanu likhale pansi pa chifuwa chake, lotambasula. Akafuna kuchoka, musiyeni achoke."

"Nanga akapanda kubwerera?"

"Abwerera, ababa. Bola apeze dzanjalo lili chotambasula."

Achemwali anayamba kuwerenga malata kudenga.

Dona ananunkhiza juziyo, analowetsa mutu, anatuluka, anayenda mpaka pabondo langa. Zala zanga zinkayabwa kufuna kumugwira. Ndinaluma mlomo. Anaima pamenepo, akuganiza zimene mbira zimaganiza, kenaka anatembenuka, anadutsa pachikhatho changa n'kudzilowetsa mumkono muja mpaka m'mapewa. Phee!

"Yambani ndi zibuma zakumbuyo," anatero mwana wanga monong'ona. "Chipeso chilowe pakati pa khungu ndi chibuma, muzidula pamwamba pa chipeso."

"Ukundiphunzitsa kumeta?"

"Eya."

Ndinaseka, nayenso anaseka, kuseka kwa amayi ake kwenikweni. Zibuma zinagwa chimodzichimodzi, ndipo khungu la pansi pake linali lofiirira koma lopanda chilonda. Pamene ndinkayeretsa kabala kaja, iye ankandiuza za kachipinda kake ka zenera limodzi, za gogo wina wa muwodi amene amamutchula mpongozi, za nsapato zimene zimamupweteka. Sindinamudule mawu. Ndinalinganiza mbali yamanzere pang'onopang'ono, sindinametepo munthu mofatsa chotero.

"Ababa, nthawi yanga yopuma yatsala pang'ono. Malizani mbali inayo."

Ndinayang'ana mbali yamanja. Kunalibe zibuma, unali ubweya wautali chabe, ntchito ya mphindi zisanu. Ndikamaliza, Dona sadzafunanso sizasi mpaka patapita mwezi wathunthu kapena iwiri.

Ndinaika sizasi pathebulo. "Yabuntha."

Achemwali, amene anandipeza ndikuinola m'mawa womwewo, anatsokomola ngati atsamwa.

Mwana wanga anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndi mwana wa wometa, amadziwa kulira kwa sizasi yakuthwa.

"Yabuntha?"

"Yabunthiratu."

"Ndiye mukainoletse," anatero, akuimirira n'kusasa yunifolomu. "Lachinayi ndimaweruka msanga. Musachedwe kuimba, Dona sangakhale choncho."

Foni itazima, Dona anatuluka mujuzi muja, anadzigwedeza, ndipo nditamuika pathebulo anayamba kuyenda kutsogolo kwa kalilole: kumanzere waudongo ngati mwana wa sukulu, kumanja akukhwekhwereza ubweya wake wonse.

"Kumeta koipa chonchi sindinakuonepo," anatero achemwali akusesa. "Anthu akaona, shopu ino mutseka."

Ndinatola kaubweya kamodzi koyera kamene kanatsalira pabondo langa, ndinakakweza m'mwamba, sizasi n'kukadula pakati, tsee, osakapinda n'komwe. Ndinaipukuta bwinobwino, ndinaikulunga mujuzi yobiriwira ija, n'kuitsekera m'dirowa mpaka Lachinayi.