Manda Anali pa Tsamba Lachitatu

Tirakita itayamba kulima m'mphepete mwa manda a pakomboni ina ya antchito a pafamu, kufupi ndi tauni ya Concession, Gogo Tereza anasowa mtendere. Amuna awo, malemu Kalino, anagona mumzere wachiwiri. Mwini watsopano wa famuyo, imene kumeneko amati purazi, ankafuna kubzalapo fodya. Khansala anangoti, "Lembani dandaulo."

Anagwira cholembera ndi mlamu wawo Jasten.

"Mlamu, kwa munthu wamkulu suyamba ndi pempho, n'chipongwe," anatero Jasten. "Tiyambe ndi moni. Adziwenso kuti ife sitinagwe kumwamba."

Analemba za makolo amene anayenda wapansi kuchokera ku Dedza, za mjigo wakufa, za mbuzi yobedwa. Manda anawatchula pa tsamba lachitatu, kumunsi kwenikweni.

Patatha milungu iwiri kunabwera wokonza mjigo. Apo n'kuti tirakita itadya kale mizere iwiri.

Gogo Tereza anakadandaula kwa Prudence, mphunzitsi wa pasukulu ya papurazipo, n'kumufotokozera zonse zimene analemba.

"Koma inu mumafuna chiyani, Gogo?" anafunsa Prudence.

"Asalime manda! China n'chiyani?"

"Ndiye munabisiranji kumapeto? Paja munasankha fodya m'shedi zaka zingati?"

"Makumi atatu. Iwe usanabadwe."

"Tsamba lapansi ndi lapamwamba munkamanga mtolo umodzi?"

"Maiwe! Foromani akanandithamangitsa."

"Ndime nayonso ndi choncho. Mtolo umodzi, nkhani imodzi. Chiganizo choyamba chitchule nkhaniyo. Zotsatira zipereke zifukwa, china pambuyo pa chinzake. Chomaliza chimange mtolo: mukupempha chiyani? Mbuzi idikire kalata yake."

Analemba limodzi: "Manda a pakomboni pathu akulimidwa. M'menemo munagona anthu makumi anayi, ndipo abale awo tilipo. Mizere iwiri yatha kale. Tikupempha muimitse tirakita sabata ino."

Jasten ataiona anafwenthera. "Kalata yowonda ngati galu wa m'chilala! Ndani angailemekeze?"

Khansala anabwera Lachinayi, nakhoma zikhomo zosonyeza malire a manda. Tirakita inabwerera. Mizere yotsala inapulumuka.

Koma pamene panagona Kalino lero pali fodya wofika m'chiuno. Gogo Tereza sadziwanso poti agwade. M'mawa uliwonse amatunga madzi pamjigo wokonzedwa uja, ndipo Jasten akamadutsa, Gogo amamuitana: "Imwani, mlamu. Ndi madzi a kalata yanu."

Phunziro: Ndime imodzi, nkhani imodzi. Chachikulu chinene poyamba, wowerenga sadzakufukulira.