Funso la pa Digiri Yachitatu

Levison anamumanga nsalu m'maso Loweruka masana, m'kaholo ka kuseri kwa tchalitchi ku Foleshill. Linali tsiku lokwera digiri yachitatu m'bungwe la abambo achikhristu, pomwe munthu amavekedwa lamba wofiira n'kukhala m'bale weniweni. Lambayo ankamufuna ndi mtima wonse. Chibwerereni ku Coventry mu 1991, abambo amenewa okha ndiwo ankamufunsa kuti wadzuka bwanji.

Womutsogolera anali Patson, mnzake wa ku Dedza, yemwe anakwera kale. Awiriwa analowa gule wamkulu limodzi ali anyamata. Pakhomo Patson anamunong'oneza.

"Aise, akakufunsa za ma secret society, ungoti no. Inenso ndinatero. Za kudambwe azungu sangazimvetse, usandiyalutse."

Analowa, dzanja la Patson lili paphewa pake. Anamugwaditsa, n'kumugwiritsa Baibulo. Mkulu wa bungwe, nkhalamba ya mawu onjenjemera, anayamba mafunso m'Chingerezi. Ubatizo? Inde. Ukwati wa m'tchalitchi? Inde.

"Kodi unalumbirapo m'gulu lina lililonse lachinsinsi?"

Zala za Patson zinamukanikiza paphewa. Levison anachita mantha, thukuta kamukamu chonsecho kunja kukuzizira. Liwu limodzi lokha, lamba n'kukhala wake. Koma Baibulo linali m'manja, ndipo iye ndi bodza sankamwerana madzi.

"Inde. Kwathu, ndili mwana."

Wina anakhosomola. Mkuluyo anati lamulo ndi lamulo, wotero sakwera ndipo sakhala m'bungwe. Kenako anawonjezera funso lomwe Levison sanaliganizire.

"Amene wakubweretsayu ankadziwa? Ngati ankadziwa, nayenso avule lamba."

Patson anali ndi ana atatu, ndipo ntchito yake ya kuchipatala ku Nuneaton anamupezera ndi abale omwewa. Levison anamumva akukoka mpweya kuti alankhule, ndipo anamupherera.

"Sankadziwa," anatero Levison, Baibulo likadali m'manja. "Tinadziwana kuno."

Patson yemweyo ndiye anamuperekeza kukhomo, monga mwa mwambo, n'kumumasula nsalu. Maso a Patson anali ofiira.

"Achimwene, ine..."

"Lowa, akudikira," anatero Levison.

Chitseko chinatsekedwa. Anaima panjapo nthawi yaitali akuyang'ana dzanja lake lamanja, m'katimo atayamba kuimba.