Zilembo za Pakhomo pa Mkamwini

Mkamwini ndi mlendo, ngakhale alime zaka khumi. Cornelius ankazidziwa zimenezo, koma ankaiwala akakhala ndi Selina, mwana wake wa zaka zisanu. Cornelius anaphunzira kuwerenga ku mishoni ya Nambuma. M'chaka chija anthu ankangokamba za Chitaganya, iye akaweruka ku fodya ankasesa pakhomo n'kulemba m'dothi ndi kamtengo.

"Ichi chimati mmm. Ichi chimati a. Phatikiza."

"Ma!"

Tsoka linadza ndi a Chikoti, alongo ake a mkazi wake Bertha, eni mbumba. Tsiku lina anadumpha zilembozo osaziona, ndipo patapita masiku atatu mwendo unatupa ngati mtondo. Kwa iwo mizere yapakhomo sichikanakhala china koma mankhwala otchera. Anafika akutsimphina, mpini m'manja, anthu pambuyo.

Sanafunse n'komwe. Mpini woyamba unagwera Cornelius pakamwa, mano awiri n'kulakatikira m'fumbi. Wachiwiri unapeza dzanja lolembera lija, zala n'kulira ngati nkhuni zouma. Bertha anakuwa, koma akanawagwira bwanji alongo ake?

"Alamu, si mankhwala!" Cornelius analavula magazi. "Ndi mawu chabe. Mwanayu akuwerengereni, mumve nokha."

Anakwawa n'kulemba ndi dzanja lamanzere. Kalanga ine, apa mpamene anaphonya: pofuna kuwafewetsa mtima, anasankha mawu aulemu. Selina anagwada, kachala pa chilembo chilichonse.

"Mmm... a... ma. Lu. Me. Malume!"

Mwanayo anadzutsa mutu n'kumwetulira, kudikira kuti amuyamikire.

"Mwamva nonse, eti?" a Chikoti anabangula. "Wandiika m'dothi ndikadali moyo, ndipo ufitiwo waupatsira kale mwana wathu!"

Mudzi wonse unamugwera Cornelius, wina nsungwi, wina chibakera. Anamukhwekhwerezera kunjira ya kwawo ku Kabudula n'kumuponyera mphasa yake. Ukwati unathera pomwepo. Mwana ndi wa kuchikazi, choncho sanamulole ngakhale kumugwira dzanja. Pakhomo paja anapalapo ndi khasu, dothi lake n'kukataya kudambo.

M'mawa mwake Selina anakwawira pansi pa nkhokwe, pomwe amalume ake sakanatha kuwerama ndi mwendo wawowo. Ankafuna kulemba "atate". Anajambula a, kenaka chala chinaima. Chilembo chotsatiracho atate ake anali atalonjeza kuti amuphunzitsa lero.