Mazira a ba Inutu

Minibasi inamutsitsa pa mphambano kutada kale. Kondakitala anangoloza ndi chibwano.

"Konkhani mawaya ya malaiti, mudala. Ni pafupi chabe."

Sipanali pafupi. Maybin anayenda mpaka thukuta kumsana, chikwama cha zida paphewa, phazi lamanja akupondera chidendene. Dera ili la kuseri kwa Palabana anali asanafikeko. Ndowe zinkanunkha uku ndi uku. Agalu ankapatsirana uthenga kuti kukubwera mlendo.

Anali mwana wa ku Chilenje, wokulira pa phula. Ntchito yake inali kuyeza mkaka. Kampani ina ya ku Lusaka inkamutuma kumalo kumene alimi amasonkhanitsa mkaka wogulitsa. Lero Chisamba, mawa Kafue, mkuja kwina. Zaka zisanu ndi zitatu ali pamsewu. Sankadandaula. Mpando ndiwo unkamuyabwa.

Koma tsopano anali ndi shuga. Analinso ndi chilonda pa chala chachikulu cha kuphazi, cha milungu isanu, chokana kupola. Namwino wa ku kiliniki sanapite m'mbali. Shuga ikapanda kutsika pa milungu iwiri, chalacho adula. Anamulembera papepala. Zotsekemera ayi. Zaufa zokazinga ayi. Zakumwa za chimanga ayi. Masamba, nyemba, nsomba, mazira. Anali atapirira masiku asanu ndi anayi. Anatsala asanu.

Ku ofesi sanauze munthu. Lamulo la abwana ake, ba Kondwa, ankalidziwa. Wodwala satumidwa kutali, amapatsidwa desiki. Mnzake wina anapatsidwa desiki zaka zitatu zapitazo chifukwa cha mtima. Akadali pomwepo, kulemba malipoti a maulendo a anzake.

Nyumba ya mkaka inali ndi getsi limodzi pakhonde. Pansi pake panakhala azimayi atatu, atafunda zitenje. Wamtali anaimirira. Anali ba Clotilda, wapampando wa gulu la alimiwo.

"Ba Maybin? Tamuyembekezani kuyambila masana."

"Minibasi inafa pa njila, ba mami. Pepani."

"Zimafa zonse. Nkhalani. Sambani kumanja."

Anamuthirira madzi. Kenako anavundukula nsalu patebulo.

Beseni la zitumbuwa, zikadali zofunda, mafuta akunyezimira. Masikono. Uchi m'botolo. Mbatata yowotcha. Chigubu cha chibwantu, chakumwa cha chimanga chija, ndipo ba Clotilda anachita kunena monyadira kuti athiramo shuga wokwanira. Kumapeto kwenikweni kwa tebulo kunali kambale ka mazira awiri owiritsa ndi kamchere pambali.

"Vitumbuwa ni vanga," anatero mayi wonenepa wa mawu aakulu. "Ndine Doris. Mufunse aliyense kuno, palibe wamene anipambana."

"Mazila ni ya ba Inutu," ba Clotilda anawonjezera.

Ba Inutu anali wamng'ono thupi, wamasiye, wa ng'ombe imodzi. Sanadzutse mutu. Zinkaoneka kuti kambale kawo kankawachititsa manyazi pakati pa mabeseni a anzawo.

"Zikomo maningi," anatero Maybin. "Koma nadya kudala pa njila."

Linali bodza. Chiyambire m'mawa anadya nkhaka imodzi ndi mtedza wodzaza dzanja.

"Pa njila?" ba Doris anaseka. "Njila yamene tiziba ise ilibe na kantemba ka vakudya. Munadya fumbi?"

"Nakhuta, ba mami. Zoona."

"Muyopa kuina? Onani mwamene mwayondela. Madamu anu azatiyamika."

"Iyayi, si ivo."

"Olo muganiza taikamo vinthu?" Anatola chitumbuwa chimodzi, naluma pakati, natafuna akumuyang'ana m'maso. "Mwaona? Nikali moyo."

Anakankhira beseni patsogolo pake. Maybin anatola chimodzi. Chinali chofewa, cholemera, chofunda m'dzanja. Fungo linamufika mpaka m'mano. Anachigwira nthawi yaitali. Kenako anachibwezera m'beseni, napukuta zala pa buluku.



Njala inali itamugwira. Maso anagwera pa kambale kaja. Mazira anali papepala la namwino. Anakakoka, nasenda dzira loyamba, nadya. Anasendanso lachiwiri. Anapempha madzi akumwa, opanda kanthu.

"Zikomo, ba Inutu. Mwanithandiza."

Ba Inutu anakoka chitenje kukamwa. Ba Doris anayang'ana ba Clotilda. Ba Clotilda anayang'ana getsi. Maybin anali wotopa kwambiri, sanawerenge nkhope za anthu.

Anamuyalira m'chipinda cha zigubu zopanda kanthu. Ba Doris anasiya beseni lawo pafupi ndi matiresi. "Njala ya usiku ilibe manyazi," anatero potuluka. Fungolo silikanamulola kugona. Analitenga beseni lija, nalivundikira ndi mbale, naliika panja pansi pa benchi.

Kunja kusanayere anadzutsidwa ndi mabelu a njinga. Alimi anali atayamba kufika, zigubu za mkaka zitamangidwa ndi mphira kumbuyo. Lole ya kampani inali itaima kale pabwalo. Dalaivala, Matthias, ankagona pa chiwongolero.

Beseni linali pakati pa bwalo, chafufumimba. Agalu anali atalinyambita mpaka kuwala. Ba Doris anafika ndi amuna awo akukankha njinga ziwiri. Analiona. Analitola, naligwedeza fumbi, naliika m'khwapa. 

Maybin anayala zida patebulo. Ntchito inali yosavuta. Kutunga mkaka pang'ono, kuthira m'kambale, kusakaniza ndi sipiriti. Ukakhala wosalala, ndi wabwino, ukwere lole. Ukachita timibulu, wayamba kusasa, ubwerere kwawo.

Woyamba unadutsa. Wachiwiri unadutsa. Ba Inutu anafika ndi kachigubu kawo ka malita asanu pamutu. Unali wosalala ngati nsalu yositidwa.

"Uli bwino, ba mami."

Kenako zigubu ziwiri za ba Doris. Malita makumi anayi. Anatunga, nasakaniza. Timibulu. Anatsuka kambale, nayesanso. Timibulu. Anayesa chigubu chinacho. Chimodzimodzi.

"Munasakaniza wa mailo madzulo na wa lelo?"

"Pimani futi."

"Napima katatu. Wasasa. Siningautenge."

Ba Doris anaika beseni pansi pang'onopang'ono. Anatembenukira mzere wa anthu.

"Mwamvela? Wanga wasasa. Wa ba Inutu uli bwino. Mazila yasebenza."

"Ba mami, sipiliti siiziba mazila."

"Vitumbuwa vanga anagwila, ananunkhiza, anabweza monga ni vovunda. Usiku anapasa agalu. Chibwantu cha ba Tcheya athu, ba Clotilda, anakana. Koma mazila yabili, kufikila na mchele. Manje ati sipiliti."

Mzere unasweka. Bambo wina anayamba kumangiriranso chigubu chake panjinga. Wina anati woyeza wa chaka chatha anali munthu, uyu kaya. Amuna a ba Doris anapatuka, foni kukhutu. Ba Inutu anapita ku lole, nagwira kachigubu kawo kuti akatsitse.

"Nibwezeleni chabe," anatero motsitsa mawu. "Sinifuna nkhani na anthu."

Dzuwa linali litatuluka. Mkaka sugwirizana ndi dzuwa. Matthias anadzuka, naliza hutala kawiri.

Ba Clotilda anamukokera Maybin kuseri kwa nyumba.

"Mwana wanga, sanakuuzeni ku ofesi?"

"Chani?"

"Kuno wopima amadya va aliyense. Pang'ono pang'ono, mbale iliyonse. Kuti mailo akakana mkaka wa munthu, pasapezeke wokamba kuti anakondela. Tinayamba ivo pamene anthu anamenyana pano na mapampu ya njinga. Olo mukane vonse, tingakambe chabe kuti ni wamatama. Manje imwe mwasankha mbale imodzi."

Maybin anatsamira khoma. Phazi linkagunda m'nsapato.

"Sininazibe."

"Naona. Tiyeni tikonze. Chibwantu chikaliko. Masikono yaliko. Ba Doris ali na vitumbuwa vina va kugulisa. Mudye pamaso pa onse, mupepese, nchito ipitilile. Kapu imodzi siipaya munthu."

Sanadikire yankho. Anabwerera pabwalo, natuma anthu. Posakhalitsa tebulo la zida linali ndi kapu yodzaza, sikono, supuni ya uchi ndi zitumbuwa ziwiri pa nyuzipepala. Anthu anazungulira. Ba Doris anapinda manja pachifuwa.

Maybin anayang'ana kapuyo. Inali yaikulu, yachitsulo, timisere ta chimanga tikuyandama pamwamba.  Mwina ba Clotilda ankanena zoona. Kapu imodzi. Koma ku ofesi ankatinso kagawo kamodzi ka keke. Ku Kafue ankati botolo limodzi. Kwa apongozi ankati lero lokha. Aliyense anali ndi kamodzi kake, ndipo onse anali anthu abwino. Chala ndicho chinali chimodzi chenicheni.

Anatopa. Osati ndi ulendo. Anatopa ndi kunena kuti wakhuta.

"Siningadye ivi," anatero. "Nili na matenda ya shuga."

"Onse a ku Lusaka amakamba so," anatero ba Doris. "Ni fashoni."

Maybin anakhala pa chigubu. Anamasula chingwe cha nsapato. Anavula sokosi. Bandeji inali itamatirira, anaichotsa pang'onopang'ono, akuluma mlomo. Anatambasula phazi padzuwa.

Amene anali kutsogolo anabwerera m'mbuyo. Amene anali kumbuyo anasuzumira.

"Ku kiliniki anakamba kuti ngati shuga siiseluka, azajuba chala ichi. Nasala na masiku yanayi. Mazila niloledwa. Vitumbuwa iyayi. Mailo nenze na njala, ndiye chabe."

Ba Doris anawerama, nayang'anitsitsa chilondacho ngati akuyesa nsomba pamsika. Anaweramuka.

"Sembe munakamba."

"Sembe ninakamba."

"Nakazinga kuyambila masana. Mafuta, fulawa, malasha. Agalu ndiye anakondwa."

"Nalakwa, ba mami. Fungo inanikanika."

"Yaba. Vamene nipanga ine vimanunkhila." Analoza zigubu zawo. "Nanga mkaka?"

"Wasasa ndithu."

Wina anaseka kumbuyo. Ba Doris sanaseke. Anatola zitumbuwa zawo ziwiri, nazikulunga m'nyuzipepala, nauza amuna awo kuti amangenso zigubu.

"Nizapanga mabisi na mkaka wosasa uyu, nikagulise ku msewu. Fote lita. Nizankhala pa zuba mpaka madzulo." Anatembenuka. "Na imwe vwalani nsapato. Pano ni pa mkaka."

Mzere unabwerera. Ba Inutu anasiya kachigubu kawo pa lole. Maybin anamanga bandeji, nasamba m'manja ndi sopo, napitiriza. Zigubu makumi awiri ndi zitatu. Anabweza chimodzi chokha, ndipo mwini wake sanatsutse. Kapu ya chibwantu anamwa Matthias.

Akulongedza zida, ba Clotilda anabwera foni ili m'manja.

"Amuna a ba Doris anatuma kudala foni ku ofesi kwanu. Ati wopima agulidwa. Ba Kondwa anitumila kabili, sininayankhe. Niwauze chani?"

"Muwauze kuti tamvelana."

"Muwaziba ba Kondwa. Azafunsa kuti mwamvelana bwanji. Azafuna kuziba chifukwa chake munadya mbale imodzi. Ine sininama, ndine wa mu kwaya."

Maybin anamanga zipi ya chikwama. Anayang'ana njira ya fumbi, njinga zikubalalika, mapiri a kutali amene sankadziwa dzina lake. Akanena kuti palibe chifukwa, nkhani ya kugulidwa itsala. Woyeza wogulidwa amachotsedwa ntchito. Woyeza wodwala amapatsidwa desiki.

"Muwauze kuti nidwala."

"Vonse? Na chala?"

"Vonse."

Ba Clotilda anagwedeza mutu. "Azamusamalani. Muzapumula ku maulendo aya. Ni vabwino."

"Ee," anatero Maybin. "Ni vabwino."

Anakwera kutsogolo kwa lole, nakweza phazi pa chikwama. Matthias analiza injini. Kumbuyo zigubu zinagundana. Ba Clotilda anali atayamba kale kuyankhula pa foni, dzanja lina likuloza kuphazi kwawo.

"Nimusiyeni kuti?" anafunsa Matthias. "Ku ofesi olo ku nyumba?"

"Ku ofesi."

Anadutsa makola, minda yokolola kale, ana a sukulu a mayunifolomu obiriwira. Anadutsa ba Doris ndi amuna awo akukankha njinga zolemera. Ba Doris sanakweze dzanja. Maybin anatsitsa galasi. Mphepo inali yozizira, ya ndowe ndi utsi.

"Osathamanga maningi," anatero. "Nifuna nioneko njila."

Matthias anamuyang'ana, nayang'ana dzuwa.

"Mkaka siuyembekeza, mudala."

Anasintha giya, naponda moto.