Manase Anamvera Filimu Yake Panja

Filimu isanayambe m'holo ya tchalitchi ku Neiafu, tauni ya m'dziko la zilumba la Tonga, Manase anali atakhala kale pa benchi yakutsogolo, atavala malaya ake oyera a Lamlungu pomwe linali Loweruka masana. Mazenera anali atawatchinga ndi mphasa kuti mukhale mdima. Manase ndi uja amayendetsa boti la alendo okaona anangumi, koma chaka chatha mnzake wa kusukulu, Sitaleki, anabwera kuchokera ku Auckland ndi kamera imodzi n'kumuika m'filimu yanthabwala. Nkhani yake ndi ya mbeta yachimuna imene inakondana ndi chidole chowonetsera zovala m'sitolo, kwinaku ikulimbana ndi nkhumba ya amayi ake. Eya, chidole. Za m'mutu mwa Sitaleki musandifunse.

"Lero lokha basi," anali atanena Sitaleki. "Lolemba ndikwera nayo ndege. Pa foni sinditumizira aliyense, akumpikisano wa mafilimu kumene ndikupita nayo amakana filimu yoti yafala kale."

Ndiye Manase anali asanadzionepo ngakhale mphuno yokha.

Dzina lake litangooneka pa nsalu, chitseko chinatseguka. Analowa a Kalolaine, azakhali ake a Manase, akudzikupiza ngati holoyo anamanga okha. Pambuyo pawo panali Lesieli, mchemwali wake wa Manase, namwino amene aliyense ankadziwa kuti ali ku ntchito kutali ku Nuku'alofa, likulu la dzikolo. Kani anali atatsika sitima m'mawa womwewo, chikwama chikadali m'manja.

Manase anakumbukira zimene anachita pojambula. Pakati pa filimuyo pali pamene iye amapsompsona chidole chija kwa nthawi yaitali ndithu, kenaka nkhumba n'kumusolola nsalu ya m'chiuno, iye n'kuthamanga msika wonse kumbuyo kuli pamtunda. Ku Tonga kuno munthu ndi mlongo wake sakhala chipinda chimodzi zotere zikamaoneka, ndipo wotuluka amakhala mwamuna.

Anakwawira kumene kunali Sitaleki.

"Aise, imitsa filimu."

"Wapenga? Holo yadzaza iyi."

"Ndiye kawanong'oneze achemwali kuti atuluke."

"Ine? Pamaso pa azakhali ako? Ndikufuna ndikwere ndege makutu onse awiri alipo."

Manase anayang'ana pa nsalu. Panali mapazi ake okha, akuyenda kulowera kusitolo. Nkhope inali isanafike. Anawerama, n'kutulukira chitseko cha kumbali.

Anakakhala pansi pa mtengo wa mango. Mkatimo munali zii kwa nthawi yaitali, mpaka anayamba kutuluka thukuta. Kenaka kunamveka mayi wina akukuwa, kutchula kholo la Manase, kuti, "Mayo ine, mwana wa a Fusi!" ndipo holo yonse inaphulika. Mabenchi ankagogoda pansi. Wina anatuluka akutsokomola, n'kulavula, n'kubwereranso mothamanga osamuona n'komwe.

Itatha, anthu anamuzungulira.

"Iwe ndiwe katswiri!" anatero Paula wogulitsa nsomba. "Nkhope ija unapanga chidole chitagwa mutu, unaiphunzira kuti?"

"Nkhope yotani?" anafunsa Manase.

"Ijatu! Yotere." Paula anakwinya nkhope, koma anangooneka ngati wamva fungo.

"Palibe katswiri apa," anatero a Sēmisi, aphunzitsi opuma. "Mnyamatayu sanachite sewero. Mmene amaonekera m'filimumo ndi mmene amaonekera injini ya boti ikakana kulira. Amene wagwira ntchito ndi nkhumba."

"Ine sindinamve mutu wake," anatero mayi wina. "Ndiye pomaliza anakwatirana, kapena?"

"Nanga abusa akanadalitsa bwanji, mkwatibwi alibe mutu?"

"Abusatu aseka mpaka kuvula magalasi, ndawaona ine."

Manase ankangotembenuka uku ndi uku, kutolera filimu yake pakamwa pa anthu. Aliyense anaona yakeyake.

A Kalolaine anatuluka pomalizira, maso ali ofiira.

"Iwe Manase, bwera kuno. Wachititsa manyazi mtundu wonse." Anapukuta misozi ndi m'mphepete mwa chokupizira. "Miyendo imeneyo ndi ya bambo ako. Nthiti zanga zikupweteka. Usadzabwerezenso."

"Chabwino, azakhali. Nanga achemwali ali kuti?"

"Ndimati ali ndi iwe."

Nthawi yomweyo Lesieli anatulukira kuseri kwa holo, kumbali ya khitchini, udzu utamatirira ku siketi. Anaima patali pang'ono, monga mwa ulemu wake.

"Mwafika bwino, achemwali?" anatero Manase, maso ali pansi. "Mwaonera?"

"Ndangoona mapazi anu, achimwene. Mtsikana amene ndinakhala naye pafupi anandinong'oneza zimene zikubwera, ndiye ndinatulukira kukhitchini kuti inu muonere mwamtendere. Yatha bwanji?"

Manase analoza mtengo wa mango uja.

"Nanenso ndinali panja."

A Kalolaine anayang'ana uyu, n'kuyang'ana uyo, kenaka anakhala pansi pa sitepe n'kuyambiranso kuseka, mpaka Paula anachita kuwakupiza.

Mkati muja Sitaleki anali akukulunga kale mawaya, ndipo amayi a kwaya anali akuchotsa mphasa m'mazenera chifukwa nthawi yawo yophunzira nyimbo inali itakwana. Manase anasuzumira pakhomo. Pa khoma panangotsala nsalu yoyera. Anabwerera, n'kunyamula chikwama cha mchemwali wake, n'kutsogola njira ya kunyumba.