Kamanda Kotsala Pansi pa Masola

Moni kwa inu amene mwatenga nkhaniyi, ndipo tiyamike Mulungu amene watisungira mpweya kufikira lero. Ndikuuzeni za Eveless.

Eveless ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Area 43, kwa bambo Norman ndi mayi Lizzie, anthu a ku Rumphi okonda kupemphera. M'mawa uliwonse ankalowa pageti wapansi, magalimoto a eni nyumba akutuluka. Kwawo kunali kumudzi wina kunja kwa Lilongwe, kumene kampani ina inatchera masola ambirimbiri opangira magetsi a dzuwa. Minda ya chimanga inalowa m'waya, njira ya kuchigayo inatsekedwa, ndipo manda a mudziwo anasamutsidwa.

Tsiku lina mayi Lizzie anamutuma kumsika wa ku Old Town. Kumeneko anapeza mkulu wake, Bernadetta, amene anayamba kugulitsa tomato munda wake utatengedwa.

"Ee, abwana a ku Fote-fili!" anatero Bernadetta. "Mwabwera kudzatinenerera amphawife?"

"Musandiseke, achemwali. Ndamva kuti manda anatha kusamutsa. Zinayenda bwanji?"

"Bwinobwino. Mabokosi atsopano, abusa anapemphera, adzukulu analoza manda onse. Amayi ndi abambo agona moyandikana tsopano, zimene ankakana ali moyo."

Eveless sanaseke. "Nanga wanga uja?"

Bernadetta anasiya kuunjika tomato.

Kale, asanabwere m'tauni, Eveless anabereka mwana wamkazi amene anamwalira asanatuluke m'chikuta. Pamwambo wa kwawo khanda lotero saliimbira nyimbo, salilira mokweza, ndipo amuna sayandikako. Adzukulu, amuna okumba manda aja, sagwirapo khasu. Amayi okhaokha amalikulunga m'nsalu n'kukaliika m'dzenje losaya, m'mphepete mwa manda. Mwini mwana sapita nawo. Eveless anangouzidwa ndi Bernadetta kuti anamuika pansi pa mpoza, kuseri kwa chulu. Sanaberekenso. Akapita kumudzi pa Khirisimasi ankaima panjira n'kuyang'ana mpozawo chapatali, ndipo zinkamukwanira.

"A kampani anafunsa amuna," anatero Bernadetta motsitsa mawu. "Amuna analoza manda amene anakumba iwo."

"Inu munali pomwepo, osanena kanthu?"

"Ndikanayamba bwanji pamaso pa amuna onsewo? Zija sitinena, iwenso ukudziwa. Ndinkati mpozawo ausiya."

Masana a tsiku lomwelo mayi Lizzie anapeza Eveless akusita malaya, misozi ikugwera pansalu. Anamukhazika pansi, ndipo Eveless anafotokoza zimene sanafotokozerepo munthu. Bambo Norman atamva, anaimbira foni mnzawo wa kusukulu, bambo Lawford, amene ankayang'anira malo a masolawo. Bambo Lawford anavomera kuti amayiwo akaloze malo, mafupa a mwanayo akaikidwe pamodzi ndi abale ake.

Eveless anagula chitenje chatsopano chokulungira mwana wake. Loweruka m'mawa bambo Norman anawatenga pagalimoto, iye ndi Bernadetta.

Pageti anapeza mlonda, a Chikaonda, mmodzi wa adzukulu a m'mudzimo amene tsopano ankavala yunifomu. Ataona chitenjecho m'manja mwa Eveless, anavula chipewa.

"Mlongo, sitinkadziwa," anatero. "Ndithu, sitinkadziwa."

"Munayenera kusadziwa," anayankha Eveless, n'kulowa.

M'katimo sanazindikire dziko la kwawo. Chulu anachisalaza, mitengo anaizula ndi mizu yomwe, pansi anathira timiyala. Magalasi akuda anali ndondondo mpaka kumene maso amalekeza, onse ofanana, onse atapenya kumwamba. Kunalibe mbalame. Kutentha kunkachokera kumwamba ndi pansi pomwe.

Bernadetta anatsogola molimba mtima. "Chigayo chili uko, ndiye manda anali apa. Mpoza unali chakumadzulo." Anayenda, n'kuima. Analowa mzere wina, n'kubwereranso. "Apa. Ayi, dikirani. Panali kotsetsereka."

"Kotsetserekako tinakwirira, mayi," anatero bambo Lawford mwaulemu. "Mukaloza malo enieni, tikumba lero lomwe. Koma pansipa padutsa mawaya a moto. Sitingakumbe mongoyerekeza."

Dzuwa linafika paliwombo akuyendabe. Bernadetta ankawerama, kufukula timiyala ndi zala, kufunafuna ngakhale kamuzu ka mpoza uja. Pomaliza anakhala pansi pamthunzi wa galasi, thukuta lili kamukamu.

"Lozani, achemwali," anatero Eveless. "Ndinu munamunyamula. Lozani."

"Mng'ono wanga, ndikaloza ndikhala ndikukunamiza."

Bambo Norman anayamba kunena za kulemba kalata ku likulu la kampani, koma Eveless anawadula, zimene anali asanachitepo.

"Abambo, tapatukani pang'ono. Izi n'za amayi."

Amunawo anabwerera kugeti. Eveless anagwada patimiyala totentha, pamalo amene sanadziwe ngati ndi pomwepo, n'kutambasula chitenje chija. Kenako analira mokweza, kulira kumene anamuletsa zaka zonsezo. Anaitana dzina limene anamukonzera mwanayo ali m'mimba, limene sanauzepo munthu.

"Chithokozo! Chithokozo mwana wanga, uli pati?"

Bernadetta anatambasula dzanja kuti amutseke pakamwa monga anachitira tsiku la maliro lija, koma dzanjalo linagwera paphewa, nayenso anayamba kulira. Palibe chinayankha, kupatula kulira kwa makina amagetsi chapatali.

Anabwerera ku Lilongwe chitenje chili chopanda kanthu. Atafika pamlatho wa ku Old Town, Bernadetta anatsika kukaona tomato wake amene anasiyira mnzake.

Lolemba Eveless anapita kuntchito. Magetsi sanazime tsiku lonse, ndipo anasita zovala zonse za m'nyumbamo. Pomaliza anasita chitenje chija, n'kuchipinda, n'kuchiika pansi penipeni pa chikwama chake. Mayi Lizzie anamuuza kuti Iye amene amawerenga tsitsi la m'mutu akudziwa malowo, ndipo lipenga lomaliza likadzalira sadzafunsa adzukulu. Eveless anavomera kuti n'zoona, ndipo ankakhulupiriradi. Koma Khirisimasi itafika sanapite kumudzi. Panalibenso mtengo woti aime n'kuuyang'ana.

Inu amene mwawerenga, Mulungu wa chitonthozo akhale nanu. Asunge ana anu, amoyo ndi ogona omwe, ndipo amene munalira mobisa adzakubwezereni m'manja, aliyense ndi dzina lake. Ameni.