Phazi la pa Njerwa

Masana a chilimwe dzuwa limalowa m'nyumba ya Nangondo kudzera m'mabowo a misomali. Malata anachita dzimbiri kalekale, ndipo kuwala kumagwera pansi timadontho timadontho, mbee, ngati chimanga chotayika palichero. Kwina konseko mdima bii.

Nyumbayi anaimanga amuna ake, malemu a Zefaniya, atabwerako ku migodi ya ku Joni. Anaimanga monga anazionera kumeneko: chumuni chachitali, mazenera aang'ono okwera, ndi kanjira kopapatiza pakati pa zipinda, momwe munthu amamva mapazi ake omwe akumulondola. Pakati pa nyumba zaudzu inaima yokha ngati mlendo wosamva chinenero. Lero yakalamba. Khoma lang'aluka, mileme yadzaza kudenga, chiswe chadya mafelemu.

Chimwalirireni a Zefaniya, anthu akuti nyumbayo ikulankhula. Akuti imabuula. Akuti chitseko cha kuchipinda chimatseguka chokha, kwee, popanda mphepo. Opita kumjigo amadutsa pamenepo chothamanga, madzi akutayika m'zidebe. Ndiye abale agwirizana chimodzi: kale nyumba ya womwalira sinkakhala chiimire. Igwetsedwe mvula isanagwe, kuti mwini wake apite ndithu.

Nangondo sakana kuti nyumba imalankhula. Malata akamalira thethethe pakutentha, amamva amuna ake akuthyola zala. Mwera ukalowa m'chumuni, amamva chifuwa cha kumigodi chija. Ena akumva mzukwa, iye akumva munthu amene anamuzolowera. Nanga nyumbayi ikagwa, adzamumvera kuti?

Tsiku lina mitambo ya chizimalupsa itayamba kudera kuphiri, anafika mlongo wake wamng'ono Layisoni, mwinimbumba, piki ili paphewa.

"Achemwali, tulutsani katundu. Mukufuna alamu azikufunsani ndiwo mpaka liti?"

"Bola iwo amafunsa," anatero Nangondo. "Inu mumangofikira kuvundukula mphika."

Layisoni anafuna kuseka, koma anakumbukira chimene anabwerera. Nangondo anamugwira dzanja ngati kale, napita naye pakhonde. Anagwada pambali pa chitseko, pamene sipapondedwa, n'kupukuta fumbi ndi nsonga ya chitenje. Panjerwa imodzi panaoneka kaphazi, tizala tonse tili ngwee.

"Mukulidziwa phazi ili, achimwene?"

Layisoni ankalidziwa. Anali kamwana kamasiye m'manja mwa mlongo wake pamene njerwazi zinkaumbidwa. Pothamangitsa mwanapiye anaponda njerwa yaiwisi, ndipo anaima kudikira mkwapulo. Koma a Zefaniya anangoseka. Anaiwotcha pamodzi ndi zinzake, naiyala pakhomo. "Wasaina, mlamu," anatero. "Nyumbayi ndi yakonso."

Layisoni anavula nsapato. Anaika phazi lake lazikang'a panjerwapo, phazi n'kuphimba njerwa yonse. Mkati malata analira thethethe. Iye sanathawe. Anaima akumvetsera, fungo la mvula likubwera ndi mphepo, fumbi likuzungulira pabwalo, nkhuku zikuthamangira kunsi kwa nkhokwe.

"Abalewo ndikalankhula nawo ndine," anatero motsitsa mawu. "Makwerero aja akadalipo?"

Piki anaitsamiza kukhoma. Anasungunula phula m'chigoba cha chitini, nakwera padenga kukamata mabowo aja. Nangondo anakhala mkati, maso pansi, akuona timadontho ta kuwala tikuzima kamodzikamodzi. Ka pakhomo kanazima. Ka m'kanjira kanazima. Mdima unkakula, koma unali mdima wa nyumba yofoleredwa, wofunda ngati bulangete lakale.

Kanatsala kamodzi, kamene kamagwera pampando wandalema wa a Zefaniya.

"Bowo limenelo lisiyeni!" anafuula Nangondo.

"Lidzadontha, achemwali!"

"Lidonthe."

Layisoni atangotsika, mvula inayamba. Inayamba ngati ikupempha kulowa, kenako inakhuthuka, fumbi lonse la chilimwe n'kugona pansi. Awiriwo anakhala m'mdima, phewa ndi phewa. Pampando paja, pamene masana pankagwera kuwala, Nangondo anaikapo mbale yachitsulo. Dontho linatsika pabowo lija, mbee, n'kulira m'mbalemo: ndo. Linatsikanso lina: ndo.

"Mwawamva?" ananong'ona Nangondo.

"Ndawamva," anayankha Layisoni, ndipo anasendera pafupi.